Sabata ya Tebulo Laling'ono

"Kalata iyi ikufuna chiyani m'thumba mwanu sabata ino?"

Mayi anafunsa ataima pakhomo la pabalaza, mikono ili ndi thovu la sopo mpaka m'zigongono. Anali ataipeza m'malaya oyera aja pamene ankati awaviike m'madzi. Amuna awo, amene anali atawerama akupukuta nsapato za kuntchito, sanadzutse mutu. Anayankha kuti inali kalata yomwe ija ya nthawi zonse, yowabweza pa tebulo laling'ono kwa sabata imodzi, ndipo panalibe chifukwa choti munthu asiyire kuchapa.

"Ya nthawi zonse imabwera mwezi ukamatha. Lero ndi pa 9. Kapena ku khonsoloko kalendala yawo yayamba kuthamanga?"

Sanadikire yankho. Anapukuta manja pa diresi, nalowa kuchipinda, nabwerako ndi chitini cha mabisiketi chimene utoto wake unali utafufuta. M'menemo munali mitolo iwiri ya makalata, uliwonse womangidwa ndi ulusi. Mtolo umodzi mayi ankautcha wokweza, wina wotsitsa.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi amuna awo anali akugwirizira udindo wa mkulu wa chipinda cha mafayilo ku khonsolo. Lamulo la ntchito linkati munthu akagwirizira miyezi isanu ndi umodzi yathunthu, udindowo ukhale wake. Choncho ikakwana miyezi isanu ndi masabata atatu, ofesi yoona za antchito inkawalembera kalata yowathokoza ndi kuwabweza pa ukalaliki wawo wakale. Sabata ikatha inkabwera ina yowapempha kuti agwirizirenso, ndipo kuwerenga miyezi kunkayambira pachiyambi. Anthu onse, kuntchito ndi kunyumba komwe, ankawaitana kuti a Wogwirizira. Ana a nyumba zoyandikana ankayesa kuti ndilo dzina lawo lobadwa nalo.

Mayi anamasula mtolo wotsitsa nayala makalatawo pa tebulo, imodzi ndi imodzi, chala chikuloza masiku. Onse khumi ndi imodzi anabwera mwezi ukupita kumapeto. Iyi yokha ndiyo inafulumira ndi masabata awiri, ndipo pansi pake panali siginecha yomwe ija ya mlongo wawo wa mayi, amene ndiye anali woona za antchito.

"Ndiuzeni, bambo, za maphunziro aja zili pati?"

A Wogwirizira anati zili bwino. Anawakumbutsa kuti Mkulu wa khonsolo anawagwira chanza pa khonde, anthu akuona, nawauza kuti chaka chino ndi chawo. Anati mwina alamu anangolakwitsa powerenga masabata, pakuti nawonso ndi munthu, ndipo ntchito imawachulukira. Ankalankhula motsitsa, akupukutanso nsapato imene inali itawala kale.

Panali chinthu chimodzi chimene sanawauze. Kalata ya ku unduna inadzera m'manja mwawo, ndipo anaidinda okha chidindo cha tsiku. Inkapempha khonsolo kuti itumize dzina la munthu amene adzakhale ali pa mpando wa mkulu wa mafayilo pa 13 mwezi umenewo, kuti akachite maphunziro a utsogoleri kwa miyezi itatu. Wopanda satifiketi ya maphunzirowo sakanapatsidwa udindowo kuti ukhale wake. Maphunzirowo ankachitika kamodzi pa chaka, ndipo sankalandira munthu amene wakwanitsa zaka makumi asanu. Iwo anali atatsala ndi miyezi inayi kuti akwanitse. Tsiku limene anaiwerenga anayang'ana pa kalendala naona kuti pa 13 adzakhala ali pa mpandowo, ndipo madzulo ake anauza akazi awo kuti asoke chogwirira cha sutikesi. Tsopano pa 13 panali pakati penipeni pa sabata ya tebulo laling'ono. Ankaziona bwinobwino zimenezi, koma mutu wawo unkakana kuziphatikiza.

Lolemba m'mawa anachita zimene anali atachita kakhumi ndi kamodzi. Anatenga kapu yawo, rula ndi cholembera chofiira, nazisamutsira pa tebulo laling'ono la pafupi ndi chitseko, pamene mphepo inkaulutsa mapepala nthawi iliyonse munthu akalowa. Mtolo wa makiyi a makabati, womangidwa ndi chingwe chobiriwira, anausiya pakati pa tebulo lalikulu.

Itakwana naini koloko anafika munthu wa sabata imeneyo. Anali bambo wonenepa, waulemu, wa ku ofesi ya misika, amene anakwatira mwana wa Wapampando wa khonsolo. Nthawi zonse ankabwera ndi khushoni yake m'khwapa ndi nyuzipepala m'manja, ndipo ankaiwerenga yonse mpaka malonda a kumapeto. Chifukwa cha chimenecho ankamutcha Wanyuzi.

"Ndabweranso kudzakutenthetserani mpando, akuluakulu," anatero akuseka, nayala khushoni.

Makiyi sanawakhudze. Sankawakhudza konse. Munthu akabwera kufuna fayilo, Wanyuzi ankatsitsa nyuzi pang'ono, naloza ndi chibwano ku tebulo laling'ono, ndipo a Wogwirizira ankanyamuka, kupempha makiyi mwaulemu, kutsegula kabati, ndi kuwabwezanso pamalo pake.

Masana a Wogwirizira anapita kukaonana ndi Mkulu wa khonsolo. Anadikira pa benchi ola lathunthu. Atalowa, Mkuluyo anawalandira ndi manja awiri, nawafunsa za kunyumba, nayamikira ukhondo wa chipinda cha mafayilo. Atafika pa nkhani ya maphunziro, anati nkhani yawo ikudziwika, palibe amene waiiwala, ndipo zinthu za mtundu umenewu zimayenda ndi ndondomeko. Za masiku a kalata anati akafunse ku ofesi yoona za antchito, pakuti iye salowerera ntchito za anzake. A Wogwirizira anatuluka akuthokoza. Ali pa khonde anayesa kukumbukira ngati anauzidwa inde kapena ayi, koma sanapeze liwu lililonse mwa awiriwo.

Ku ofesi ya alamu awo anawauza kuti abwanawo ali ku msonkhano. Jekete lawo linali pa mpando, ndipo tiyi wa pa tebulo anali akufuka nthunzi. Lachiwiri anapitanso kawiri, ndipo msonkhanowo unali usanathe.

Lachitatu, pa 13, makalata otuluka anabwera mu thileyi ya waya monga mwa masiku onse. Kuwalemba m'buku, kuwapinda ndi kumata maenvulopu inali ntchito ya tebulo laling'ono. Anachita atatu oyamba osaganiza kanthu. Yachinayi inali yopita ku unduna. Inali ya mizere isanu yokha, yonena kuti khonsolo ikukondwa kupereka dzina la amene ali pa mpando wa mkulu wa mafayilo lero. Dzinalo linali la Wanyuzi.

Anaiwerenga katatu. Anayang'ana kuseri kwa pepala ngati kuti kungakhale kutalembedwa zina. Kenaka anaona kuti pansi pake panatsala malo a chidindo cha chipinda cha mafayilo, ndipo popeza kalata siyenera kutuluka yosadindidwa, anainyamula kupita nayo ku tebulo lalikulu.

Wanyuzi anatsegula dirowa nayang'ana zidindo zisanu zimene zinali mmenemo, nkhope yake ikuoneka ya munthu amene wapatsidwa mankhwala osalembedwa dzina.

"Ndi chiti mwa izi, akuluakulu?"

"Chozungulira."

Anachinyika mu inki mopitirira, nadinda mozondoka. Anapepesa, nafunsa ngati zili ndi vuto. A Wogwirizira anati zilibe vuto, ku unduna amawerenga ngakhale chozondoka. Wanyuzi anakhosomola, nanena motsitsa kuti iye sanapemphe zimenezi, anangouzidwa Lachisanu lapitalo ndi apongozi ake kuti akonzeke, ndipo kunena zoona mafayilo amamuyetsemulitsa. Ankaoneka kuti akunena zoona. A Wogwirizira anabwerera pa tebulo lawo, nalemba nambala ya kalatayo m'buku ndi dzanja lawo labwino lija, naipinda katatu, namata envulopu, naipereka kwa wotumiza makalata.

Atafika kunyumba dzuwa lisanalowe, anafotokoza zonse akuvula nsapato. Mayi anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, natulutsa malaya atatu ositidwa ndi thaulo latsopano, nazibweza mmene zinkakhala. Atatha anatumiza uthenga kwa mlongo wawo kuti Lamulungu masana adzafike, ndipo akalephera iwo adzapita okha ku ofesi ndi chitini.

Alamu anafika Lamulungu atanyamula chinanazi. Anali munthu wamtali, wowonda, wa magalasi amene ankawavula ndi kuwavala pamene nkhani yavuta. Anapeza makalata onse atayalidwa pa tebulo, ndipo panalibe poika chinanazicho, choncho anakhala nacho pa miyendo.

Mayi sanazungulire. Anafunsa amene anasuntha sabata. Alamu anati iwo amangolemba zimene auzidwa. Mayi anafunsa amene anawauza. Alamu anati nkhani zina zimachokera pamwamba popanda kulembedwa, ndipo munthu akafunsa kuti zachokera kwa yani amaoneka wamwano.

"Achimwene, munadya pa tebulo lino tsiku limene ndinkasoka sutikesi. Munandigwirira ndinu singano pamene ndinkafuna ulusi. Munali mukudziwa?"

"Tsiku limenelo ndinali ndisanadziwe."

"Munadziwa liti?"

"Mawa lake."

A Wogwirizira anayesa kulowererapo. Anati mwina alamu anali ndi zifukwa, ndipo si bwino kuti abale ayambane chifukwa cha mapepala. Mayi anawayang'ana kamodzi kokha.

Pamenepo alamu anavula magalasi nalankhula nthawi yaitali. Anati sabata imeneyo anaiyambitsa ndi iwo, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo anaiyambitsa pofuna kuthandiza. Miyezi yoyamba ija itatsala pang'ono kukwana, akuluakulu anakana kuti kalaliki wopanda satifiketi apatsidwe udindo, ndipo ankafuna kuitanitsa munthu wa kwina. Iwo ndiwo anapeza njira yoti alamu awo atsike sabata imodzi ndi kukweranso, kuti mpando usachoke m'manja mwawo pamene akudikira maphunziro. Chaka choyamba malo a maphunziro anapita ku ofesi ya misewu. Chachiwiri unduna sunaitane aliyense. Zaka zinazo kunali zifukwa zina, ndipo chilichonse chinali chomveka pa nthawi yake. Njira ija inakoma kwa akuluakulu, mwakuti anayamba kuigwiritsa ntchito pa aliyense.

"Mukuyesa ine ndine ndani, mlongo wanga? Nanenso ndikugwirizira, chaka chachinayi tsopano. Kalata yanga yotsitsa ndimailemba ndekha, nkupita nayo kuti akasaine. Mkulu wa khonsolo amene munakamuona uja, alamu, nayenso akugwirizira. Wa misewu, wa zaumoyo, wa malo, tonse. Pa khonde lonse lija mwini mpando ndi mlonda wa pa geti yekha. Wapampando akandiitana nkunena kuti sabata ija isunthe, ndikana nditaima pati? Yanga ikubwera mwezi wamawa, ndipo yokweza siibwera yokha."

Mayi anati zonsezo azimva, koma sanamve pamene mlongo wawo analephera kubwera madzulo amodzi kudzawachenjeza. Alamu anavala magalasi, nawavulanso.

A Wogwirizira anali akuyang'ana makalata aja. Ankafuna kukwiya, ndipo ankadziwa kuti akazi awo akudikira kuti akwiye, koma mkwiyowo unkasowa pofikira. Munthu amene anawachotsa pa mpando anali yemweyo amene anawasungira mpandowo. Amene anawatengera malo anawapepesa. Mkulu wa khonsolo sanawanamize, pakuti sananene kanthu. Lamulo silinathyoledwe ngakhale pamodzi, ndipo kalata inatuluka yodindidwa ndi yolembedwa m'buku. Potsiriza anafunsa funso limodzi lokha, ngati panali njira yolembera ku unduna kuti awaganizire za zaka.

Alamu anati njira ilipo. Dandaulo lotere liyenera kudzera kwa mkulu wa chipinda chimene munthuyo amagwirako ntchito, ndipo mkuluyo alembepo maganizo ake. Koma munthu saloledwa kulemba maganizo pa dandaulo lake lomwe, choncho akagwiriziranso sangathe kulisaina. Wanyuzi akanatha kusaina, koma sabata yake inatha Lachisanu, ndipo mawa akunyamuka.

Asanatuluke anatulutsa envulopu m'jekete naiika pamphepete pa tebulo, pamodzi ndi chinanazi chija. Inali kalata yokweza. A Wogwirizira anaitsegula mlendo atapita. Mawu ake anali omwe aja a nthawi zonse, kupatula mzere womaliza. Makalata onse akale ankati agwirizire kufikira khonsolo itaganiza zina. Iyi inkati agwirizire kufikira mwini udindo atabwera kuchokera ku maphunziro.

"Musasaine," anatero mayi. "Zaka zonsezi mwagwirizira mpando wopanda mwini. Tsopano mwini wapezeka. Akamusungire okha."

Ndipo kwa nthawi yoyamba a Wogwirizira anavomera. Kalatayo siinalowe m'chitini. Anaibweza mu envulopu yake, ndipo Lolemba anakaisiya pa tebulo la alamu yosasaina.

Anakhala pa tebulo laling'ono. Mpando waukulu unali wopanda munthu, wopanda khushoni, ndipo makiyi anali pomwe Wanyuzi anawasiya. Aliyense wobwera kufuna fayilo ankamuuza mwaulemu kuti kalaliki saloledwa kutsegula makabati popanda chilolezo cha mkulu wa chipinda, ndipo pakali pano chipindacho chilibe mkulu. Anthu ankaseka poyamba, poganiza kuti ndi nthabwala. Pofika Lachiwiri masana sankasekanso. Wa misewu anabwera yekha nawachonderera. Mkulu wa khonsolo anadutsa pakhomo kawiri, nasuzumira, napitirira. A Wogwirizira ankalemba makalata otuluka m'buku, ndipo sankadziwa ngati chimene akumvacho ndi kulimba mtima kapena manyazi.

Pa benchi la panja panali mayi wina wovala zakuda, amene anabwera Lolemba, nabweranso Lachiwiri. Sankadandaula. Ankakhala atagwira kapepala kolembedwa nambala, ndipo ofesi ikamatsekedwa ankanyamuka. Lachitatu m'mawa analowa naima patsogolo pa tebulo laling'ono. Anati amuna ake anamwalira miyezi iwiri yapitayo, ndipo abale awo akuti poloti imene iye akukhalapo ndi ana siinalembedwe m'dzina la malemuwo. Komiti ya malo ikumana lero thu koloko. Amuuza kuti fayilo ikapanda kuoneka, komiti imva za abalewo basi.

A Wogwirizira anayamba kunena mawu aja a chilolezo, koma maso awo anali atagwera kale pa nambala. Ankaidziwa. Inali ya mapoloti a kuseri kwa msika, amene manambala ake anasinthidwa chaka chimene denga linadontha. Fayilo imeneyo sinali pamene buku linkanena. Inali mu kabati yachisanu ndi chiwiri, pa shelefu yapansi, pansi pa nambala yakale, ndipo pa khonsolo yonse panalibe wina amene akanaipeza, ngakhale atapatsidwa makiyi ndi mwezi wathunthu.

Anamuuza kuti adikire panja. Anakhala kanthawi akuyang'ana rula. Kenaka ananyamuka.

Fayilo inali pomwepo, m'mphepete mwake muli madontho a madzi akale, ndipo pa tsamba lachitatu panali dzina la malemuwo ndi chidindo chozungulira. Anapita nayo okha ku chipinda cha komiti. Pobwerera anapeza wa misewu ali pakhomo ndi pepala lake, kumbuyo kwake kuli anthu ena anayi, ndipo popeza kabati inali yotsegula kale, kunali kovuta kufotokoza chifukwa chimene enawo ayenera kubwerera. Anatulutsa fayilo yachiwiri, ndi yachitatu. Zinafunika kulembedwa m'buku lalikulu, ndipo buku lalikulu silinkakwana pa tebulo laling'ono. Nthawi ina masanawo anadzutsa mutu naona alamu ataima pa khonde akuwayang'ana kudzera pa zenera. Alamuwo sanalowe. Anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wapeza chinthu pamene anachisiya, napita. Pamenepo ndi pamene a Wogwirizira anazindikira kuti akhala pa mpando waukulu, ndipo sanakumbukire nthawi imene anakhalapo.

Anafika kunyumba mayi akuanula zovala. Mayi anawafunsa za tsikulo, ndipo iwo anati linali lotanganidwa. Anawafunsa ngati alamu anabweranso ndi kalata ija.

"Sanabwere nayo."

"Ndiye simunasaine."

"Sindinasaine."

Mayi anawalandira jekete kuti akalipachike. Linali lolemera mbali imodzi. Anapisa dzanja m'thumba, natulutsa mtolo wa makiyi wa chingwe chobiriwira, naugwira m'mwamba pakati pa awiriwo.

"Nanga awa akutani muno?"

A Wogwirizira anawayang'ana makiyiwo nthawi yaitali. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze za mayi wa zakuda, za denga lodontha ndi za kabati yachisanu ndi chiwiri, koma anaona kuti palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinkayankha funsolo. Anatambasula dzanja, nawalandira, nawaika pamwamba pa chitini cha mabisiketi, pamene sakanawaiwala m'mawa.